Mphika wa Aluminiyamu ndi Dothi Lofiira la pa Lichenya

M'nyumba zambiri za m'Malaŵi, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, mphika umene umaterekedwa pamoto m'maŵa uliwonse sulinso wadothi monga kale. Ndi wa chitsulo choyera, chopepuka, chosachita dzimbiri, chimene dzina lake ndi aluminiyamu. Chitsulo chomwechi ndicho amapangira ketulo, sefuliya, zitini za zakumwa, mawaya akuluakulu a magetsi ndiponso matupi a ndege. Pa ziŵiya zonsezi palibe ndi chimodzi chomwe chimene chitsulo chake chidatuluka m'nthaka ya dziko lino. Komabe dothi limene aluminiyamu amachokeramo lilipo, pamwamba pa Phiri la Mulanje, ndipo lakhala likudziŵika kwa zaka 100. Nanga n'chifukwa chiyani silidakumbidwe? Nkhani ya lero ikuyankha funso limeneli potsatira ulendo wonse wa dothilo, kuchokera pamene lagona kufikira litasanduka chitsulo.

Dothi limeneli limatchedwa bokisaiti. Dzinali lidachokera ku mudzi wa Les Baux ku France, kumene katswiri wina, Pierre Berthier, adalizindikira mu 1821. Munthu wongodutsa akhoza kuliyesa katondo wamba, pakuti ndi lofiirira ndipo lili ndi timiyala tofumbutuka. Koma kapangidwe kake ndi kosiyana. Thanthwe la Mulanje lidaumbika pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo m'thanthwe limenelo aluminiyamu adali womangika pamodzi ndi zinthu zina zambiri. Pamwamba pa phiri, pamalo athyathyathya pamene mvula imagwa yochuluka koma madzi sadikha, mvulayo idakhala ikuloŵa m'thanthwe pang'onopang'ono, kuliwoletsa ndi kukokolola zonse zotha kusungunuka. Zimene zidakana kuchoka ndi aluminiyamu wogwirana ndi mpweya wa okosijeni ndi madzi, pamodzi ndi dzimbiri la chitsulo limene limapatsa dothilo mtundu wofiira. Motero mvula ya Mulanje ndiyo idagwira gawo loyamba la ntchito yoyenga, mosalipidwa, kwa zaka zosaŵerengeka.

Amene adayamba kulemba za bokisaiti wa ku Mulanje ndi Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, mu 1924. Dothilo lili makamaka pa zidikha za Lichenya ndi Linje, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kumunsi kwa nsonga ya Sapitwa imene ndi yotalika mamita 3,002. Chiyambire nthaŵi ya Dixey makampani akhala akukwera phiri mosinthana. Anglo American idafufuza m'zaka za m'ma 1930, British Aluminium Company m'zaka za m'ma 1950, Lonrho cha m'ma 1970, ndipo kampani ya ku Canada yotchedwa Met-Chem idaunikanso zonse m'zaka za m'ma 1990. Onseŵa adakumba maenje, adatenga dothi kukaliyeza, ndipo adapeza zofanana: pali matani oposa 25 miliyoni a bokisaiti, ndipo pa magawo 100 alionse a dothilo, magawo 43 ndi ufa umene aluminiyamu amatulukamo. Onseŵa adatsikanso phiri osatsegula mgodi. Chidaŵabweza si kusoŵa kwa dothi ayi, koma zimene dothilo limafuna kuti lisanduke chitsulo.

Ntchito yoyamba, yokumba, ndiyo yapafupi. Bokisaiti safuna mgodi wakuya wonga wa golide wa ku Joni kumene makolo ambiri a dziko lino adathera mphamvu zawo. Amagona pamwamba, pansi pa udzu ndi nthaka yakuda, ngati mphasa yochindikala mamita angapo. Okumba amayamba apala nthaka yapamwambayo ndi kuiunjika pambali, kenaka amafukula dothi lofiira ndi makina, ndipo akamaliza chigawo chimodzi amabwezera nthaka ija ndi kubzalamo. Umu ndi mmene amachitira ku Australia ndi ku Brazil. Vuto la mgodi wotere ndi lakuti umadya malo ambiri, chifukwa umafalikira m'mbali m'malo mopita pansi. Ndipo ku Mulanje pali vuto lachiŵiri: palibe msewu wa galimoto wofika pa Lichenya, ndipo dothi liyenera kutsitsidwa mamita oposa 1,000 kuti lifike m'tsinde mwa phiri. Njira yoyenera malo otere ndi chingwe cha m'mwamba chokhala ndi ndowa zoyenda zokha. Anthu a ku Likhubula akukumbukira chingwe chimene chinkatsitsa matabwa kuchokera ku Chambe. Cha bokisaiti chikadayenera kunyamula matani oposa 1,500 tsiku lililonse, chaka chonse.

Dothi likafika pansi limaphwanyidwa, kutsukidwa ndi kusefedwa. Cholinga chake ndi kuchotsa mchenga ndi dongo, pakuti bokisaiti wa ku Mulanje ali nazo zonse ziŵiri. Mchenga umangolemeretsa katundu ndi kupereseza makina, koma dongo ndi mdani weniweni, pa chifukwa chimene chioneke posachedwa.

Ntchito yachiŵiri ndiyo kulekanitsa ufa wa aluminiyamu ndi dothi lotsala. Njira yake adaipeza Karl Josef Bayer, wa ku Austria, cha m'ma 1888, ali pantchito ku St Petersburg, ndipo mpaka lero pafupifupi dziko lonse lapansi limatsata njira yomweyo. Mayi aliyense amadziŵa chimene chidulo kapena soda amachita ku therere: amalifeŵetsa ndi kulisungunula. Bayer adagwiritsa ntchito mbale wake wa soda ameneyu, koma waukali kwambiri, kositiki soda uja amapangira sopo, amene akagwera pakhungu amatentha ngati moto. Bokisaiti wopera amathiridwa m'madzi a sodayu m'matanki otsekeka zolimba, ndi kuphikidwa pa madigiri pafupifupi 150. Gawo la aluminiyamu limasungunuka ndi kuloŵa m'madzi monga mchere umachitira. Dzimbiri la chitsulo, mchenga ndi zina zonse zimakana kusungunuka, ndipo zimatsalira pansi ngati matope ofiira.

Madziwo akasefedwa amaziziritsidwa, ndipo amathiramo timibulu tochepa ta ufa womwewo ngati mbewu. Ufa umene udasungunuka uja umayamba kumera pa timibuluto mpaka tonse titakula ndi kugwa pansi. Akatero amausefa, kuutsuka ndi kuuwotcha pa madigiri oposa 1,000 kuti madzi onse achokemo. Chotsala ndi ufa woyera mbee wonga mchere wosalala, wotchedwa alumina. Madzi a soda aja amabwerera kukaphika dothi lina.

Pa mbali imeneyi Mulanje ali ndi mwayi umodzi. Bokisaiti wake ndi wa mtundu umene umasungunuka pa moto wocheperapo, pamene wa maiko ena amafuna madigiri oposa 240. Koma dongo lija likatsalamo, nalo limasungunuka, kenaka limagwirana ndi soda ndi alumina ndi kuŵakokera m'matope. Dongo likachuluka, soda wotayika amachulukanso, ndipo soda ameneyu ndi wogula kunja, wodzera pa doko la Beira kapena la Nacala. Moto wophikira ndi wowotchera nawo umafuna malasha kapena mafuta ochuluka. Choncho fakitale isanatulutse ndi thumba limodzi lomwe la alumina, ndalama zakunja zayamba kale kutuluka.

Ntchito yachitatu ndiyo yovuta koposa. Alumina si chitsulo. Ndi aluminiyamu womangidwa ndi okosijeni. Makolo a dziko lino ankadziŵa kumasula chitsulo cha makasu ku okosijeni wake. Ankasanjika mtapo ndi makala m'ng'anjo, kupemerera ndi mvukuto, ndipo makalawo ankalanda okosijeni ndi kusiya chitsulo. Mabwinja a ng'anjo zoterezi akuonekabe ku Kasungu ndi ku mapiri a Rumphi. Koma aluminiyamu amagwira okosijeni wake zolimba kotero kuti makala a m'ng'anjo sangamulande. N'chifukwa chake, ngakhale kuti m'nthaka ya dziko lapansi aluminiyamu ndi wochuluka kuposa chitsulo china chilichonse, anthu adachedwa kwambiri kumupeza. Mu 1884 adali akadali wamtengo wapatali wonga siliva, mwakuti a ku America adaveka kansonga ka aluminiyamu pamwamba pa chipilala chachikumbutso cha ku Washington.

Zinthu zidasintha mu 1886, pamene anyamata aŵiri osadziŵana, Charles Martin Hall wa ku America ndi Paul Héroult wa ku France, adapeza njira imodzimodzi m'chaka chimodzi. Chodabwitsa n'chakuti onse aŵiri adabadwa mu 1863 ndipo onse adamwalira mu 1914. Alumina payekha sasungunuka kufikira moto utapitirira madigiri 2,000. Anyamataŵa adapeza kuti akamuthira mu mchere wina wosungunuka wotchedwa cryolite, amasungunukiramo pa madigiri 960 okha. M'chimphika chachikulu choyalidwa kaboni, amene ndi makala oumbidwa zolimba, amamizamo zidina zina za kaboni yemweyo ndi kudutsitsa magetsi amphamvu. Magetsiwo amang'amba alumina paŵiri. Okosijeni amathamangira ku zidina zija ndi kuzidya pang'onopang'ono, kutuluka ngati mpweya, pamene aluminiyamu wamadzimadzi amadikha pansi pa chimphika, kumene amakamupopa tsiku ndi tsiku. Fakitale imodzi imakhala ndi zimphika zotere mazanamazana, zondandalikidwa m'nyumba zotalika pafupifupi kilomita.

Masamu ake onse ndi aŵa. Matani 4 kapena 5 a bokisaiti amatulutsa matani 2 a alumina, ndipo matani 2 a alumina amatulutsa tani imodzi ya aluminiyamu. Kilogalamu imodzi yokha ya chitsulocho imadya mayunitsi a magetsi pafupifupi 14, mayunitsi omwe aja banja limagula kwa ESCOM. Pulani imene idakonzedwa m'zaka za m'ma 1990 idali yokumba matani 580,000 a bokisaiti pachaka, kuyenga matani 200,000 a alumina, ndi kutulutsa matani 100,000 a aluminiyamu. Pa mlingo umenewu mgodi ukadakhala zaka zoposa 40. Koma matani 100,000 amafuna mayunitsi 1,400 miliyoni pachaka, kutanthauza mamegawati pafupifupi 160 usana ndi usiku osapuma. Malo onse opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire amapereka mamegawati 130. Fakitale imodziyo ikadameza Kapichira yense ndi kupemphabe zina.

Sikuchuluka kokha kwa magetsi kumene kuli kofunika, komanso kusazima kwake. Chigayo magetsi akazima chimangoima, akabwera chimayambanso. Zimphika za aluminiyamu sizitero. Zikakhala maola angapo opanda magetsi, mchere wosungunuka uja umauma gwa ngati mwala, ndipo kuzidzutsanso kumatenga miyezi ndi ndalama zosaneneka. Omvera akukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga damu la Kapichira, ndipo makina ake adakhala chete kwa nthaŵi yoposa chaka. Fakitale ya aluminiyamu ikadafa usiku womwewo.

Chitsanzo cha oyandikana nawo chikuphunzitsa zomwezi. Mu 2000 ku Mozambique kudatsegulidwa fakitale ya Mozal, pafupi ndi Maputo. Idamangidwa pamenepo osati chifukwa cha bokisaiti, pakuti alumina wake ankabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku Australia, koma chifukwa cha doko ndi magetsi otsika mtengo. Inkafuna mamegawati oposa 900, kuposa magetsi onse opangidwa m'Malaŵi. Ndipo mu 2025 eni ake adalengeza kuti adzaimitsa ntchito mu 2026 atalephera kugwirizana za magetsi ndi mtengo wake. M'malonda a aluminiyamu, dothi ndilo limatsata magetsi. Magetsi satsata dothi.

Wina akhoza kufunsa kuti bwanji osangogulitsa dothilo kunja losayenga. Yankho lili pa mtunda ndi pa kuchepa kwake. Bokisaiti ndi katundu wolemera koma wotsika mtengo, ndipo wa ku Mulanje angayende makilomita mazana angapo pa njanji asanaone doko. Dziko la Guinea, limene migodi yake ili pafupi ndi nyanja yamchere, lidatumiza kunja matani oposa 100 miliyoni m'chaka cha 2023 chokha. Bokisaiti yense wa pa Lichenya ndi Linje ndi wofanana ndi amene Guinea idakweza m'sitima m'miyezi pafupifupi itatu chaka chimenecho.

Tsono pali matope aja. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo mwambiwu suli woona pena paliponse kuposa pano. Tani iliyonse ya alumina imasiya matope ofiira olemera tani imodzi kapena kuposerapo, ndipo matopewo amakhala akadali ndi ukali wa soda. Fakitale ya matani 200,000 ikadaunjika matope osachepera matani 200,000 chaka ndi chaka. Kale ankaŵasunga m'madamu. Pa 4 Okutobala 2010 khoma la damu lotere lidagumuka ku Ajka m'dziko la Hungary. Matope adasefukira m'midzi ya Kolontár ndi Devecser, anthu 10 adafa, ndipo ena ambiri adapsa ndi soda. Masiku ano mafakitale abwino amafinya matopewo ndi makina mpaka ataphwa, kubweza soda wake, ndi kuŵaunjika ouma pamalo oyalidwa zotchinga kuti madzi asaloŵe pansi. Njira imeneyi ndi yotetezeka kuposa damu, koma ndi yokwera mtengo, ndipo mulu wake uyenera kuyang'aniridwa ngakhale mgodi utatsekedwa kalekale.

Funso la kumene mulu wotere ungakhale si laling'ono m'dera limeneli. Anthu a ku Phalombe sadaiŵale Napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi, miyala ndi mitengo zidatsika m'phiri la Michesi ndi kukokolola midzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumulanso mapiri ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo anthu mazanamazana adataya miyoyo. Katswiri aliyense wokonza damu kapena mulu wa matope m'tsinde mwa Mulanje ayenera kuŵerengera mvula ya masiku ngati amenewo, osati mvula ya chaka chabwino.

Chachikulu pa zonse ndi madzi. Mvula yomwe ija idapanga bokisaiti ndiyo imadyetsa mitsinje yotuluka m'phiri: Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila, Muloza, Phalombe ndi Sombani. Pamwamba pa phiri mbali ya kummwera pamagwa mvula yoposa mamilimita 2,000 pachaka. Udzu ndi nthaka ya m'zidikha zimamwa madziwo ndi kuŵatulutsa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mitsinjeyi siphwa ngakhale mu Okutobala. Madzi ameneŵa ndiwo amatsirira minda ya tiyi ndi madimba, ndiwo amayenda m'mipope yotsetsereka yokha kufika m'midzi yambiri ya Mulanje ndi Phalombe, ndipo kuyambira mu 2019 madzi a mu Likhubula amatengedwa ndi Blantyre Water Board kukatsukidwa ku Nguludi kuti akathandize mzinda wa Blantyre. Mgodi wa bokisaiti ungapale nthaka yomweyo imene imasunga madzi ameneŵa. Kumaiko ena nthaka yobwezeredwa idameranso nkhalango, koma pachidikha chozizira, cha mvula yamkuntho ndi zigwembe zotsetsereka mbali zonse, nthaka yosiyidwa poyera nyengo imodzi yokha ikhoza kupezeka ili mu Ruo.

Phirili lilinso ndi malamulo olitchinjiriza. Lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Ndilo kwawo kwa mkungudza, mtengo wa fuko lino, umene sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi. Mu 2000 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo osungirako zachilengedwe, ndipo mu Julayi 2025 lidalilemba m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse lapansi, chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa monga mokhala mizimu ya makolo. Ndi malo achitatu m'Malaŵi kulandira ulemu umenewu, kutsatira paki ya Nyanja ya Malaŵi ndi zithunzi za m'mapanga a Chongoni.

Zonsezi sizikutanthauza kuti nkhani ya bokisaiti yatha. Dziko likusoŵa ntchito ndi ndalama zakunja, ndipo achinyamata a ku Chitakale ndi ku Muloza amene akusoŵa chochita sangauzidwe kuti adye kukongola kwa phiri. Mtengo wa aluminiyamu umakwera ndi kutsika, malo atsopano opangira magetsi monga Mpatamanga akukonzedwa, ndipo makampani adzapitiriza kukwera phiri, ena kufuna bokisaiti, ena kufuna miyala ina yosoŵa imene idafufuzidwa ku Chambe. Malamulo a dziko lino amati mgodi waukulu usanatsegulidwe paunikidwe zimene udzachite ku chilengedwe ndi kwa anthu, ndiponso kuti anthu a m'deralo amvedwe. Tsiku la msonkhano wotere likadzafika, mfumu, mlimi ndi mphunzitsi amene akudziŵa ulendo wa dothili sadzangomvera malonjezo. Adzafunsa kuti: Kodi ndi mahekitala angati adzapalidwe chaka chilichonse, ndipo nthaka yake idzasungidwa bwanji m'dzinja? Kodi dothi lidzayengedwa pano kapena lidzapita kunja? Magetsi adzachokera kuti, ndipo ndani adzagone mumdima kuti fakitale iyake? Matope ofiira adzaunjikidwa m'mudzi wa yani, ndipo ndalama zoŵayang'anira mgodi utatsekedwa zasungidwa kuti? Ndani adzayeza madzi a mu Likhubula ndi mu Lichenya, ntchito isanayambe ndiponso itayamba? Paja safunsa adadya phula.

Pakadali pano pali mgodi umodzi wa aluminiyamu umene ukugwira kale ntchito m'dziko lino, ngakhale sutchedwa mgodi. M'misika ya m'matauni amisiri amatola zitini, ziŵiya zobooka ndi zidutswa za injini, kuzisungunula pa makala, ndi kuthira chitsulocho m'chikombole cha mchenga kuti chituluke mphika watsopano. Amatha kutero chifukwa aluminiyamu woyengedwa kale amasungunuka pa madigiri 660 okha, ndipo kumubwezanso kumafuna magawo 5 okha pa magawo 100 a mphamvu imene idafunika pomupanga koyamba. Mtengo waukulu udalipidwa kale, kutali, ndi magetsi a anthu ena ndi mitsinje ya anthu ena.

Dothi la pa Lichenya silithaŵa ndipo siliwola. Lakhala pamenepo zaka zosaŵerengeka, ndipo likhoza kudikira kufikira mafunso onseŵa atayankhidwa mokhutiritsa. Koma mtsinje ukaphwa, midzi yake singadikire ndi nyengo imodzi yomwe.